Njira za njinga za ku Peak District

Njira za njinga za ku Peak District ndi tinjira tingapo ta m'dera la mapiri la pakati pa dziko la England, momwe galimoto siziloledwa kudutsa. Zodziwika kwambiri ndi zinayi: High Peak Trail, Tissington Trail, Monsal Trail ndi Manifold Way. Zonsezi zinakonzedwa pamalo pomwe kale pankadutsa njanji. Zimagwiritsidwa ntchito ndi anthu okwera njinga zakapalasa, oyenda pansi, okwera mahatchi komanso oyenda pa njinga za anthu aulumali.

Dera lake

Peak District ili pakati pa mizinda ya Manchester ndi Sheffield, ndipo gawo lake lalikulu lili m'boma la Derbyshire. Mu 1951 inakhala paki yoyamba yotetezedwa ndi boma m'dziko la United Kingdom. Kumpoto kuli mapiri a miyala yakuda, kuphatikizapo Kinder Scout lomwe ndi lalitali mamita 636. Kummwera, komwe kumatchedwa White Peak, kuli miyala ya laimu, madambo odyetserako nkhosa ndi zigwa zakuya zomwe mitsinje inakumba. Njira zinayi zija zili kummweraku.

Chifukwa chake njirazi sizitopetsa

Misewu wamba ya m'derali imakwera ndi kutsika motsatira mapiri, ndipo yambiri ndi yopapatiza, yokhala ndi makoma amiyala uku ndi uku. Munthu wosazolowera kupalasa satha kuyendamo ulendo wautali. Njanji ndi yosiyana. Mateyala achitsulo amaterera pa chitsulo chinzake mtunda ukakula, choncho sitima zambiri sizikwera kupitirira mita imodzi kapena awiri pa mamita 100 aliwonse. Pofuna kuti njanji ikhale yosalala, omanga ankasema mapiri, kuunjika dothi ndi miyala m'malo otsika, kumanga milatho ndi kuboola mphanga. Njanji itazulidwa, ntchito yonseyi inatsala. Wokwera njinga lero amadutsa pakati pa mapiri osawakwera, chifukwa thukuta linakhetsedwa kale ndi anthu okumba ndi mapiki ndi mafosholo m'zaka za m'ma 1800.

High Peak Trail

Njirayi ndi yaitali pafupifupi makilomita 27, kuchokera ku High Peak Junction pafupi ndi Cromford kukafika ku Dowlow, kummwera kwa tauni ya Buxton. Imatsata njanji ya Cromford and High Peak Railway, yomwe inamalizidwa mu 1831 ndipo ndi imodzi mwa njanji zakale kwambiri padziko lapansi. Cholinga chake chinali kulumikiza ngalande ziwiri zoyendamo mabwato a katundu, ya Cromford ndi ya Peak Forest ku Whaley Bridge. Poyamba anthu ankaganiza zokumba ngalande ina, koma pamwamba pa mapiri a laimu madzi sakhazikika, amalowa pansi.

Injiniya wake, Josias Jessop, anakonza njanjiyi ngati mmene ngalande imakhalira. Inali ndi zigawo zitalizitali zosalala momwe mahatchi ankakoka ngolo, ndipo pakati pa zigawozo panali zitunda zazifupi koma zoopsa. Pamwamba pa pafupifupi chitunda chilichonse panali injini ya nthunzi yokhazikika m'nyumba, yomwe inkakoka ngolo ndi matcheni, kenako ndi zingwe zachitsulo. Injini ya ku Middleton Top, yopangidwa ndi kampani ya Butterley mu 1829, ikadalipo ndipo alendo amaiona.

Mbiri imeneyi ndi yomwe imachititsa kuti njirayi isafanane ndi zinzake. Wochokera ku Cromford amayamba ndi zitunda za Sheep Pasture ndi Middleton, zomwe zimakwera pafupifupi mita imodzi pa mamita 8 aliwonse. Ambiri amatsika n'kumakankha njinga, ndipo amene akubwerera kumunsi amalangizidwa kuchita chimodzimodzi chifukwa mabuleki pa timiyala sagwira bwino. Mabanja okhala ndi ana amakonda kuyambira ku Middleton Top, zitunda ziwirizi zili kumbuyo. Patsogolo pamatsala Hopton Incline, pomwe sitima zinkakwera mita imodzi pa mamita 14 popanda chingwe, chinthu chomwe sichinkachitika pa njanji ina iliyonse ya mtundu wake ku Britain. Kupitirira apo njira ndi yosalala, ndipo imadutsa pa zitunda zomangidwa ndi miyala pafupi ndi Minninglow, phiri lomwe lili ndi manda a anthu akale kwambiri. Palinso Gotham Curve, pomwe njanji inkakhota mwadzidzidzi moti sitima zinkayenda pang'onopang'ono ngati munthu wothamanga mwaulesi. Gawo lomaliza la njanjiyi linatsekedwa mu 1967, ndipo mu 1971 akuluakulu a paki pamodzi ndi khonsolo ya Derbyshire anagula malowo.

Tissington Trail

Iyi ndi ya makilomita 21, kuchokera ku Ashbourne kukafika ku Parsley Hay komwe imakumana ndi High Peak Trail. Njanji yake inatsegulidwa mu 1899 ndipo njira ya njinga inayamba mu 1971. Kuchokera ku Ashbourne njira imakwera pang'onopang'ono ulendo wonse, choncho odziwa amayamba ndi kukwera kuti pobwerera, miyendo itatopa, akhale pa mtsetse. Ili ndi malo amodzi okha otsika ndi kukwera kwambiri, pafupi ndi Ashbourne, pomwe mlatho wakale unagwetsedwa. Mudzi wa Tissington umadziwika ndi mwambo wokongoletsa zitsime ndi zithunzi zopangidwa ndi maluwa, womwe umachitika chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira kukwera kumwamba kwa Yesu.

Monsal Trail

Monsal Trail ndi yaifupi, pafupifupi makilomita 14, koma ndi yomwe imakopa anthu kwambiri. Imayambira ku Coombs Road pafupi ndi Bakewell n'kukathera ku Blackwell Mill, kum'mawa kwa Buxton, motsatira chigwa cha mtsinje wa Wye. Njanjiyi inamangidwa ndi kampani ya Midland Railway, inatsegulidwa mu 1863, ndipo inali mbali ya njira yaikulu yochokera ku London kupita ku Manchester. Inatsekedwa mu 1968.

Njira ya oyenda pansi inatsegulidwa mu 1981, koma kwa zaka 30 inali yodukaduka. Mphanga zinayi zitalizitali, za Headstone, Cressbrook, Litton ndi Chee Tor, zinali zotseka chifukwa cha chitetezo, ndipo anthu ankazilambalala podzera m'tinjira ta m'mapiri momwe njinga siingadutse. Mphangazi zinakonzedwa n'kutsegulidwa mu Meyi 2011. Iliyonse ndi yaitali mamita pafupifupi 400 kapena kuposa, imakhota moti kutsogolo sikuoneka, ndipo mkati mumazizira ngakhale kunja kuli dzuwa. Magetsi amayatsidwa masana okha, ndiye woyenda madzulo amafunika nyali yake.

Potuluka mu mphanga ya Headstone munthu amangopezeka ali pa mlatho wautali mamita pafupifupi 90, mtsinje uli pansi. Mlathowu utangomangidwa, mlembi wotchuka John Ruskin anadzudzula kwambiri ntchitoyo, ponena kuti chigwa chokongola chinawonongedwa pongofuna kuti anthu aziyenda mwachangu. Masiku ano mlatho womwewo ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo ndi umene alendo amajambula kwambiri m'chigwacho.

Si zonse za m'njirayi zomwe zili ndi mbiri yosangalatsa. Kumunsi kwa chigwa kumaoneka nyumba za mafakitale akale a thonje a Cressbrook ndi Litton. Fakitale ya Litton imadziwika ndi nkhanza zomwe zinkachitikira ana amasiye ndi osauka omwe ankatengedwa m'mizinda kuti adzagwire ntchito kumeneko. Robert Blincoe, mmodzi wa anawo, anadzafotokoza zomwe anakumana nazo, ndipo nkhani yake inasindikizidwa. Ku Millers Dale kuli siteshoni yakale ndi mauvuni akuluakulu owotchera laimu.

Manifold Way

Njirayi ili m'boma la Staffordshire, pakati pa Hulme End ndi Waterhouses, ndipo ndi ya makilomita 13. Njanji yake yaing'ono inagwira ntchito kuyambira 1904 mpaka 1934 basi, ndipo mu 1937 khonsolo inaisandutsa njira ya oyenda pansi, kale kwambiri zinzake zisanaganiziridwe. Ndi ya phula. Kagawo kena, kuphatikizapo mphanga ya Swainsley, kamadutsanso galimoto. Imadutsa m'munsi mwa phanga lalikulu la Thor's Cave, ndipo m'nyengo youma mtsinje wa Manifold umalowa pansi pafupi ndi Wetton Mill n'kukatulukira ku Ilam.

Kayendedwe

Njira zitatu zoyambazo zinathiridwa timiyala ta laimu tophwanya. Njinga wamba ya magiya imayenda bwino, ngakhale kuti kukauma pamakhala fumbi loyera lomwe limamata tcheni, ndipo mvula ikagwa pamakhala matope. Njinga zobwereka zimapezeka ku Ashbourne, Parsley Hay, Middleton Top, Hassop, Blackwell Mill ndi Waterhouses. Kudutsa m'njirazi n'kwaulere.

Vuto lalikulu si zitunda ayi, koma mphepo. High Peak Trail ndi kumpoto kwa Tissington Trail zili pamalo okwera mamita oposa 300, opanda mitengo yambiri, ndipo m'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale kumagwa chipale chofewa. M'masiku a tchuthi vuto limakhala kuchuluka kwa anthu. Opalasa amapemphedwa kuchepetsa liwiro, kuyenda kumanzere, kuimba belu asanapitirire munthu ndi kupereka mpata kwa oyenda pansi ndi mahatchi. Madandaulo a oyenda pansi pa okwera njinga othamanga, makamaka m'mphanga, amamveka kawirikawiri.

Njirazi sizilumikizana zonse. High Peak ndi Tissington zimakumana, koma wofuna kuchoka pa izi kupita ku Monsal kapena ku Manifold ayenera kudutsa m'misewu ya galimoto ndi kukwera zitunda zenizeni. Monsal ndi High Peak zonse zimathera panjira zisanafike ku Buxton, chifukwa kupitirira apo njanji ikugwirabe ntchito yonyamula miyala ya laimu kuchokera ku migodi ya m'derali.

Mkangano wa njanji

Pali magulu omwe akufuna kuti njanji ya pakati pa Matlock ndi Buxton ibwezeretsedwe. Iwo amati sitima ingachepetse malole a miyala ndi galimoto za alendo m'misewu ya m'paki, komanso ingalumikizenso Manchester ndi Derby podzera njira yachidule. Mbali ya kummwera ya njanji yakaleyo, kuchokera ku Matlock kukafika ku Rowsley, ikuyendetsedwa kale ndi gulu la Peak Rail ngati sitima ya alendo. Koma kuti sitima ifike ku Buxton iyenera kudutsa m'mphanga ndi pa milatho yomwe tsopano ndi Monsal Trail, ndipo m'chigwa chopapatiza cha Wye n'kovuta kupeza malo ena osalala oti njinga ndi njinga za aulumali zizidutsa. Akuluakulu a paki, omwe ndi eni njirayi, akhala akunena kuti sangavomereze njanji pokhapokha patapezeka njira ina yofanana nayo ubwino.