A Sajeni ndi moto wa osaka mbewa

Mu Seputembala chaka chatha, moto wa osaka mbewa unatsala pang'ono kunyambita zigafa za fodya za amalume anga cha kwa Chulu. Ine, mwana wa ku yunivesite (yosamaliza, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina), ndinangotulutsa foni n'kuyamba kujambula. Amene anapulumutsa zigafazo ndi bambo wina wachikulire amene anapuma usilikali kalekale. Tonse timangowatchula kuti a Sajeni.

Anayamba ndi kutiwerenga, kuti pamapeto adziwe ngati wina wasowa mu utsi. Kenako anawaza dothi m'mwamba kuona kolowera mphepo. "Ana anga, moto saukumana nawo kumaso," anatero. Ena anatituma ndi makasu kukalambula mzere pakati pa tchire ndi zigafa, udzu wonse kuchotsa mpaka dothi kuonekera. Ena anatenga nthambi zaziwisi ndi masaka onyowa kumaumenya m'mbali ndi kumbuyo, kumene malawi amakhala aafupi.

Chimene chinandiopsa ndi chakuti iwo anayatsa moto wina mwadala m'mphepete mwa mzere uja. Ndinaganiza kuti madala asokonekera. Koma ayi: moto waung'onowo unadya udzu pang'onopang'ono kulowera kwa waukulu uja, ndipo waukuluwo utafika unapeza papsa kale, n'kufera pompo. Chonde musakayesere nokha zimenezi. Mphepo ikangotembenuka, mwawotcha mudzi.

Luso lotere silachilendo kwa asilikali. Namondwe Freddy atakantha chigawo chakummwera mu Malichi 2023, a Malawi Defence Force anali m'matope ku Blantyre ndi ku Mulanje kufunafuna anthu. Mu 2024 madzi atasefukira ku Dwangwa, anapitanso ndi mabwato. Ndiye munthu amene waphunzira kutsogolera gulu pa nthawi ya chipwirikiti, akapuma ntchito lusolo limapumanso? Ku America, asilikali akale anayambitsa Team Rubicon mu 2010 chivomezi chitagwedeza Haiti, ndipo mpaka pano amadzipereka pa ngozi za moto ndi madzi osefukira.

Kuno kwathu ambirife timakumbukira asilikali akale mu Novembala basi, bungwe lawo la VELOM likamagulitsa timaluwa tofiira tija. Chonsecho m'midzi muli makomiti oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, aja kale ankatchedwa VCPC, amene amagwira ntchito ndi khonsolo komanso DoDMA. Mpando wa anthu ngati a Sajeni uli mmenemo, ndipo sizifuna bajeti ya boma kuti amfumu awaitane.

Nditawafunsa ngati angalole, anaseka. Akuti iwo alibe vuto, koma mizere yotchinga moto imalambulidwa mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, osati malawi akuoneka kale. Pagulu lathu la WhatsApp tinalembetsa achinyamata ambiri ndithu. Tsiku la makasu litafika tinapezeka anayi.