Mafupa a dinosauro: aphunzitsi ayambire pa malasha a ku Moatize

Mwana wa sukulu ku Ulongwe kapena ku Domwe akaona chithunzi cha dinosauro m'buku, chinyama cha khosi lalitali kuposa denga la tchalitchi, funso lake limakhala limodzi: kodi chimenechi chinalikodi, kapena ndi nthano ngati za kalulu? Aphunzitsi akayankha kuti umboni wake ndi mafupa osanduka miyala, mwanayo amafunsanso kuti nanga bwanji bambo ake, amene akumba mbatata zaka zonsezi, sanatolepo ngakhale limodzi.

Funsoli si lachibwana. Miyala ya mapiri athu kuno ku Angonia ndi yakale kwambiri kuposa nyama zimenezi, ndipo inapsa ndi kufinyika pansi pa nthaka. M'mwala wotere fupa silingasungike. Fupa limasungika pamene nyama yafera m'matope a mtsinje kapena nyanja, matopewo n'kuikwirira msanga, kenaka n'kuuma kukhala thanthwe. Choncho zotsalira zotere zimapezeka m'zigwa.

Ndipo zigwazo sizili kutali. Malasha amene sitima zimanyamula ku Moatize si makala ootcha munthu ayi. Ndi nkhalango za m'madambo zimene zinakwiririka zaka zoposa 250 miliyoni zapitazo, dinosauro asanaoneke n'komwe. M'miyala ya pakati pa malashawo mumapezeka zidindo za masamba ooneka ngati lilime, a mtengo wotchedwa Glossopteris. Masamba omwewa akupezekanso ku India, Australia, Brazil ndi Antarctica, zimene zikusonyeza kuti maiko amenewa anali ogundana ndi Africa. Ku Mágoè, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa, kuli mitengo yathunthu yogona pansi, yosanduka miyala, mizere yake ikuonekabe.

Ku Niassa, m'dera la Metangula, akatswiri anapeza chigaza cha kanyama kamene mu 2013 anakatcha Niassodon mfumukasi. Dzina lachiwirilo aliyense wa ife akulimva. Kameneka sikanali dinosauro, kanali ka mtundu woyandikana ndi makolo a nyama zoyamwitsa.

Dinosauro weniweni wa pafupi ali kwa anansi athu ku Malawi. Mafupa ake anakumbidwa m'boma la Karonga, ndipo mu 1993 anapatsidwa dzina lakuti Malawisaurus. Ankadya masamba, anali wotalika kupitirira mamita 10, ndipo anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Chifanizo cha mafupa ake chinaimikidwa m'nyumba yosungiramo zakale ku Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004. Koma kuchokera ku Calómuè kukafika kumeneko ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo ndi makolo angati angalipire?

N'chifukwa chake tikuti phunziroli liyambire pa zimene dzanja lingagwire. Aphunzitsi apemphe woyendetsa lole wochokera ku Moatize kuti abweretse chibulumwa chimodzi cha malasha, achiike pambali pa khala la m'mbaula, ana anyamule zonse ziwiri. Kenaka ana akatape dongo kudambo, adindepo tsamba la mango, aliyanike masiku atatu, aone chimene chatsala tsambalo litachotsedwa.

Wina akafunsa ngati agogo a agogo ake anasakapo dinosauro, yankho ndi lakuti ayi: zinyamazi zinatha zaka 66 miliyoni zapitazo, munthu kulibe. Mtundu umodzi wokha ndiwo unapulumuka, ndiwo mbalame. Aphunzitsi angotumiza mwana akagwire tambala, kalasi yonse iyang'anitsitse mamba ndi zikhadabo za kumapazi kwake.