Osewera alipo ku Sadzi, nanga opanga magemu?

Sukulu ikangoweruka, ku Sadzi mumzinda wa Zomba, monganso m'matauni ambiri m'dziko muno, si zachilendo kuona ana asanu ataunjirira foni imodzi, aliyense akudikira kuti nthawi yake yosewera gemu ikwane. Ena amakathera m'tizipinda momwe muli kanema ndi makina a PlayStation, n'kulipira ndalama yomwe anapatsidwa kuti agule chiwaya.

Makolo ambiri nkhaniyi imawadyetsa mutu. Kwa iwo magemu ndi mdani wa sukulu komanso njira yothera ndalama.

Koma pali funso lomwe silifunsidwa kawirikawiri: kodi magemu amenewa amapanga ndani? Nanga n'chifukwa chiyani mwana wa ku Sadzi amayendetsa galimoto m'misewu ya ku America pafoni, koma sanaonepo gemu ya wakabaza akuzemba maenje popita ku Mpondabwino?

Magemu ndi bizinesi yaikulu. Mu 2023 anthu padziko lonse anawononga ndalama zoposa $180 biliyoni pa masewera a pafoni, pakompyuta ndi pamakina ena. Zambiri mwa ndalamazi zimapita ku makampani akuluakulu a ku America, China ndi Japan, komabe pali gulu lina la anthu opanga magemu paokha, awiri kapena atatu, opanda bwana komanso opanda chuma chambiri. Ena mwa iwo ndi a muno mu Africa, ndipo mbiri zawo zikufanana pa chinthu chimodzi: palibe anafika patali ali yekha.

Mu 2007 mnyamata wa ku Kenya, Wesley Kirinya, anatulutsa gemu yotchedwa Adventures of Nyangi yomwe anaipanga yekha. Ku Ghana nako kunali Eyram Tawia yemwe ankalimbana ndi ntchito yomweyo. Awiriwa atadziwana anaona kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo mu 2009 anakhazikitsa kampani ya Leti yomwe imapanga magemu ndi nkhani zazithunzi kuchokera ku nthano za mu Africa monga za kangaude Ananse.

Ku Cameroon, Olivier Madiba ndi anzake a Kiro'o Games ankagwira ntchito mumzinda wa Yaoundé magetsi akuthimathima ngati kuno. Ndalama zoyendetsera ntchito anazipeza pogulitsa masheya ang'onoang'ono kwa anthu wamba komanso popempha thandizo pa intaneti, pomwe anthu oposa 1,000 anasonkha. Mu 2016 gemu yawo, Aurion: Legacy of the Kori-Odan, inalowa pamsika wa dziko lonse.

Koma phunziro lalikulu likuchokera ku South Africa. Kumeneko opanga magemu anayambitsa bungwe la Make Games South Africa mu 2012, ndipo anayamba kukumana mwezi ndi mwezi ku Cape Town ndi Johannesburg. Pamikumanoyi munthu ankabwera ndi gemu yosatha n'komwe, anzake n'kuisewera pamaso pake, kenako n'kumuuza mosapsatira pomwe ikukoma ndi pomwe ikutopetsa.

Zipatso zake zinaoneka. Gemu ya Broforce, yomwe kampani ya Free Lives ya ku Cape Town inayamba ngati kachinthu kongoyeserera pampikisano wa masiku ochepa mu 2012, inatuluka yathunthu mu 2015 ndipo inagulidwa koposa kamiliyoni. Ben Myres ndi Cukia Kimani anayamba gemu yawo ya Semblance ngati ntchito ya m'kalasi ali payunivesite ya Witwatersrand, ndipo mu 2018 inakhala gemu yoyamba yopangidwa ku South Africa kutuluka pa makina a Nintendo Switch.

Mu 2022 makampani 10 a m'maiko osiyanasiyana a mu Africa anagwirizana kupanga gulu limodzi, Pan Africa Gaming Group, kuti azithandizana luso ndi misika.

Kuno kwathu maziko oterewa alipo kale, ngakhale sanamangidwe poganizira magemu okha. Ku Lilongwe, Rachel Sibande anakhazikitsa mHub mu 2013, malo omwe achinyamata, kuphatikizapo ana ndi atsikana, akhala akuphunzirako kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kumsasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka ku Dowa, Remy Gakwaya wochokera ku Burundi anayambitsa TakenoLAB ndi ophunzira ochepa ndi zipangizo zoperewera, ndipo mu 2017 bungwe la UNHCR ndi kampani ya Microsoft anatsegula malo ophunzitsira kupanga mapulogalamu pamsasapo. Ku Lusaka m'dziko la Zambia kuli BongoHive yomwe inayamba mu 2011.

Zomba ili ndi mwayi womwe matauni ambiri alibe. Mzindawu, womwe unali likulu la dziko lino mpaka 1975 ndipo kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu pafupifupi 105,000, ndi kwawo kwa University of Malawi, yomwe kale inkatchedwa Chancellor College. Ku Chirunga kumaphunzitsidwa za makompyuta, komanso zojambula, nyimbo ndi zisudzo. Maluso anayi onsewa ndiwo amafunika kuti gemu ibadwe.

Ichi n'chifukwa chake ntchitoyi imafuna gulu. Pamafunika wolemba pulogalamu kuti munthu wa m'gemu adumphe batani likadinidwa. Pamafunika wojambula, woimba kapena wokonza mawu, komanso wodziwa kuluka nkhani ndi kukonza malamulo a masewerawo. Mtsikana wojambula bwino kumapeto kwa kope lake ndi mnyamata wokonza nyimbo pa laputopu yakale ali ndi malo m'gulu lotere ngakhale sadziwa kulemba pulogalamu.

Zida zake si zodula monga ambiri amaganizira. Pulogalamu ya Scratch, yomwe inapangidwa payunivesite ya MIT ku America ndipo inatuluka mu 2007, ndi yaulere ndipo mwana wa ku pulayimale amatha kupanga nayo gemu polumikiza timabokosi ta malamulo ngati akumanga njerwa. Ya Godot, yomwe akatswiri awiri a ku Argentina anaipereka kwa anthu onse mu 2014, nayonso ndi yaulere, imakwana pa fulashi ndipo imagwira ntchito popanda intaneti. Munthu mmodzi akaikopera, gulu lonse lapeza.

Njira yomwe yadzutsa magulu ambiri padziko ndi mpikisano wotchedwa game jam. Anthu amapatsidwa mutu umodzi, amagawana m'timagulu, ndipo pomatha maola 48 kagulu kalikonse kamayenera kuonetsa gemu yoseweredwa, kaya ikhale yaing'ono chotani. Waukulu mwa mipikisanoyi, Global Game Jam, unayamba mu January 2009 m'maiko 23 ndipo tsopano umachitika m'maiko pafupifupi 100 chaka chilichonse. Chofunika ndi chipinda, magetsi, malaputopu angapo ndi munthu wolembetsa malowo. Kalasi ya sukulu kapena holo ya tchalitchi ikhoza kukwanira.

Za nkhani zoika m'magemuwo, Zomba siingasowe. Pali Napolo yemwe akuluakulu amamukumbukira pa chigumula chomwe chinasakaza tauniyi mu December 1946. Pali dzenje la Chingwe pamwamba pa phiri, asodzi a ku Nyanja ya Chilwa yomwe imaphwa n'kudzalanso, komanso Kalulu ndi Fisi a m'nthano. Palinso bawo, ya maenje 32 ndi nkhomo 64, yomwe malamulo ake amafuna masamu okwanira kuphunzitsa aliyense wofuna kulemba pulogalamu. Agogo odziwa kutakata akhoza kukhala mphunzitsi woyamba wa gululo.

Komabe walira mvula walira matope. Mavuto alipo ndipo si ochepa. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lino linataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuthima kwa magetsi kunatenga miyezi yambiri. Ndalama ya kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya malaputopu ndi mafoni inakwera. Kuika gemu pamsika wa Google Play kumafuna $25 yolembetsera, pomwe pa Steam ndi $100 pa gemu iliyonse, ndipo zonsezi zimalipiridwa m'ndalama zakunja zomwe n'zovuta kupeza.

Chinanso chomwe makolo ndi ana ayenera kudziwa n'chakuti magemu ambiri opangidwa ndi anthu paokha sabweza ndalama. Pa Broforce imodzi pali mazanamazana omwe anangothera m'makompyuta a eni ake. Phindu lodalirika ndi luso lomwe munthu amatsala nalo: kulemba mapulogalamu, kujambula, kugwira ntchito ndi anzake ndi kumaliza chomwe wayamba. Luso lomweli ndi lomwe limafunika m'mabanki, m'makampani a mafoni ndi m'mabungwe. Makampani ena a magemu mu Africa, monga Leti, akhala akupezanso ndalama popangira mabungwe magemu ophunzitsa za umoyo ndi za ufulu wa anthu.

Mpofunikanso kusiyanitsa kupanga magemu ndi kubetcha komwe kwafala pamafoni. Kubetcha ndi juga, ndipo malamulo a dziko lino salola ana ochepera zaka 18 kuchita nawo. Mwana wopanga gemu sayika ndalama kuti apate zina. Amaika nthawi ndi nzeru.

Anthu a ku Sadzi akudziwa kale zomwe kugwirana manja kumachita. Phiri la Sadzi litameteka mpala chifukwa chodula mitengo, madzi a mvula ankatsika mwaukali n'kumaononga nyumba za m'munsi. Eni dera atagwirizana zoteteza phirilo ndi kubzala mitengo, tchire linayamba kubwerera. Sizinachitike m'chaka chimodzi, ndipo sanachite munthu mmodzi.

Gulu la opanga magemu nalo lingayambe chimodzimodzi: tsiku limodzi lokhazikika pamwezi, wophunzira wa ku Chirunga wololera kuwoloka tauni kudzaphunzitsa ang'ono ake, mphunzitsi wamkulu wobwereketsa kalasi, ndi kholo lomwe likapeza mwana ali pafoni lingamufunse kuti gemu akuseweray o akanaipanga iye akanasintha chiyani.