Mfuti ili m'manja, lamulo likuti usaombe

Loweruka lomaliza la Febuluwale, pa mwambo wa Nc'wala, pabwalo la Mtenguleni sipakhala poponda. Impi za Angoni zimavina ingoma fumbi lili koboo, nkholi ndi zishango m'manja, Inkosi ya Makosi Mpezeni akuyang'ana. Dzina la Nsingo sililephera kumveka, mwana wa Mpezeni woyamba uja amene anatsogolera nkhondo yolimbana ndi Angerezi, iwo n'kumupha mu 1898. Msilikali amene timamutama pa Nc'wala ndi wolasa, wosabwerera m'mbuyo.

Ku Chipata komweku, pa Gondar Barracks, pali ana athu ovala yunifolomu ya Zambia Army, ndipo ntchito imene gulu lankhondo limeneli ladziwika nayo kunja ndi ina. Amavala chipewa cha buluu cha United Nations, n'kukaima pakati pa anthu odana, mfuti ili yodzaza koma chala chili kutali. Akuluakulu a ku Chadiza, Katete ndi Petauke sanaiwale mmene zigawenga za Renamo zinkadumphira malire kuchokera ku Mozambique cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ndi mmene othawa nkhondo anadzazira ku Ukwimi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, Zambia inatumiza bataliyoni ku Mozambique kukalondera mtendere womwewo. Kumeneko zinayenda. Zinavuta ndi za ku Rwanda.

Gulu la United Nations la ku Rwanda, lotchedwa UNAMIR, linayamba mu 1993 pansi pa msilikali wa ku Canada, Jenerali Roméo Dallaire. Pa 11 Januwale 1994 iye anatumiza uthenga ku likulu ku New York wonena kuti wamva kumene kwabisidwa zida ndi kuti pali chiwembu chopulula Atutsi. Anapempha kuti akalande zidazo. Anamukaniza. Kuphana kutayamba mu Epulo, asilikali khumi a ku Belgium anaphedwa, Belgium inachotsa asilikali ake, ndipo khonsolo yoona zachitetezo inadula gululo kuti litsale ndi anthu 270 okha. M'masiku pafupifupi 100, anthu okwana ngati 800,000 anaphedwa, ambiri ndi zikwanje, Dallaire ali mu Kigali momwemo.

Mu Ogasiti 1994 analowedwa m'malo ndi mnzake wa ku Canada, Jenerali Guy Tousignant, ndipo gululo litakulitsidwanso munalowa bataliyoni ya Zambia. Kampani imodzi ya asilikali athu anaiika pa Kibeho, kum'mwera kwa dzikolo. Akatolika amalidziwa dzinali chifukwa cha atsikana a pasukulu amene anati Amayi Maria anawaonekera kuyambira mu 1981. Mu 1995 paphiri lomwelo panali msasa wa Ahutu othawa kwawo osachepera 80,000. Ambiri anali amayi, ana ndi nkhalamba. Koma pakati pawo panabisalanso achiwembu a Interahamwe, amene manja awo anali ndi magazi a chaka chathacho, ndipo ankatema aliyense wofuna kubwerera kumudzi. Boma latsopano la Rwanda linatsimikiza kuti msasawo utsekedwe.

Pa 18 Epulo asilikali a boma anazinga msasawo, n'kuunjika khamu lonselo pamwamba pa phiri, popanda chakudya, madzi kapena zimbudzi. Anthu anaima chilili masiku angapo, atapanikizana mozungulira waya waminga wa pamalo pamene pankakhala asilikali a Zambia, poganiza kuti pafupi ndi chipewa cha buluu imfa siifika. Pa 22 Epulo kunagwa chimvula, khamu linayamba kuthawa, ndipo asilikali a boma anatsegula mfuti zazikulu ndi zazing'ono. Ena anafa ndi zipolopolo, ena anapondedwa ndi anzawo.

Anyamata athu, motsogozedwa ndi Kaputeni Francis Sikaonga, anali pakati pa zonsezi pamodzi ndi kagulu ka asilikali 32 a ku Australia amene anabwera kudzathandiza zachipatala. Asilikali a boma anawachulukira kutalitali, komanso linali boma lomwelo limene United Nations inawatuma kudzagwira nalo ntchito. Akanangoomba kamodzi, akanatha onse, pamodzi ndi anthu amene anabisala kumbuyo kwawo. Choncho ankatola ana osiyidwa, kunyamula ovulala kupita nawo kwa madokotala, ndi kuima pamaso pa mfuti za asilikali a boma opanda chowateteza koma chipewa. Kutacha, a ku Australia anayamba kuwerenga mitembo ndipo anafika pa 4,200 asanawaletse. Boma la Rwanda linati anafa ndi anthu 338.

Wina angati kumeneku n'kulephera, ndipo sanganame, pakuti anthu anafa asilikali akuona. Koma cholakwacho tichisenzetse amene analemba malamulo ali ku New York, osati mnyamata wa ku Chiparamba kapena ku Mongu amene anauzidwa kuti agwire mtima magazi akuyenderera pamapazi ake. Kugwira mtima kotero n'kolemera kuposa kukoka chala.

Kulemera kwake kunaonekera poyera pa Dallaire. Anabwerera ku Canada ali bwinobwino m'thupi, koma tulo tinamuthawa. Madokotala anapeza kuti ali ndi nthenda ya m'maganizo imene imagwira munthu amene waona zoopsa, ija amaitcha PTSD, ndipo m'chaka cha 2000 anamupumitsa usilikali. Chaka chomwecho anamupeza ali chikomokere m'paki ina ku Hull, atasakaniza mowa ndi mankhwala ake. Ameneyu anali jenerali, wa dziko lolemera limene limadzitama kuti mwana wake Lester Pearson ndiye anayambitsa maganizo a gulu lankhondo losungitsa mtendere mu 1956. Iye sanabise. Analankhula poyera za nthenda yake, analemba buku lotchedwa Shake Hands with the Devil mu 2003, ndipo mu 2005 anasankhidwa kukhala seneta.

Kwathu kuno msilikali akatsika ndege timayang'ana malata atsopano padenga ndi kagalimoto kamene wagula ndi ndalama za kumishoni. Akayamba kudzidzimuka usiku kapena kukhalitsa kumowa, timati ndalama zamuzunguza mutu, kapena achibale amulodza chifukwa cha nsanje. Asilikali anayi a ku Australia analandira mendulo ya kulimba mtima chifukwa cha Kibeho. Za kampani ya Zambia, ambiri amazidziwira m'buku la mtolankhani wa ku Netherlands, Linda Polman, amene anakhala nawo mkati mwa waya uja masiku amenewo.

Maulendo sanathere pamenepo. Mu Meyi 2000 ku Sierra Leone, zigawenga za RUF zinagwira asilikali a Zambia oposa 200 kufupi ndi Makeni, n'kuwalanda mfuti, magalimoto ngakhale yunifolomu, ndipo anamasulidwa kudzera ku Liberia patapita masabata. Kuyambira mu 2015, bataliyoni ya Zambia imasinthana ku Birao, kumpoto chakum'mawa kwa Central African Republic, pafupi ndi malire a Sudan. Kumeneko lamulo linasintha: akaona anthu wamba akuphedwa, amaloledwa kuomba.