SADC ndi COMESA: mgwirizano umene sudafike bwino pa Chiponde

Aliyense amene adaimapo pa chipata cha Chiponde Lachisanu m'mawa akudziwa zimene tikunena. Munthu amanyamuka ku Namwera pa njinga, dzuwa lisadafike pamutu ali kale ku Mandimba m'dziko la Mozambique. Nthawi ya Jumua ikakwana amaima pamzere umodzi ndi anthu a chilankhulo chake, ena mwa iwo abale ake a kuchikazi, ndipo khutuba ikamamasuliridwa m'Chiyao amamva mawu onse. Koma pobwerera ndi matumba awiri a katundu, amakumbutsidwa kuti wadutsa malire a dziko.

Malirewo ndi ana poyerekeza ndi njira za makolo athu. Atsamunda asadabwere, Ayao ankanyamula minyanga ya njovu kupita nayo ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda. Cha m'ma 1840, Jumbe Salim bin Abdallah adakhazikika ku Nkhotakota, ndipo zombo zake zamatanga zinkaoloka nyanja kupita kutsidya la kum'mawa. Chisilamu chidatifikira kudzera m'njira zimenezi, ndipo mashehe oyamba monga Sheikh Abdallah bin Haji Mkwanda adakatunga maphunziro awo kugombe la nyanja yamchere. Sitingabise kuti m'njira zomwezo mudadutsanso akapolo ambirimbiri, ndipo chilonda chimenecho n'chathu tonse. Kenaka mu 1891 Britain ndi Portugal adagwirizana za malire, dziko la Ayao n'kudulidwa pakati: Makanjira ndi Mponda mbali ino, Mataka wa ku Mwembe mbali inayo.

Kuyesa kusoka zimene zidang'ambika kudayamba patapita zaka pafupifupi 90. Pa 1 Epulo 1980, mayiko 9 adakumana ku Lusaka n'kukhazikitsa bungwe la SADCC: Angola, Botswana, Lesotho, Malawi, Mozambique, Swaziland, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Cholinga chidali chochepetsa kudalira South Africa, amene panthawiyo ankalamulidwa mwa tsankho. Ambiri adadabwa kuona Malawi pagululi, popeza boma la Dr Kamuzu Banda lidali paubale wa ukazembe ndi Pretoria kuyambira mu 1967. Koma dziko lopanda doko silisankha anansi. Nkhondo ya ku Mozambique itadula njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, katundu wathu ankazungulira mpaka ku Durban, ndipo mtengo wake tidaumva m'sitolo iliyonse. Nkhondo yomweyo idatibweretsera othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi, ndipo midzi yambiri ya m'malire idawalandira ngati abale, pakuti ambiri adalidi abale.

Pa 17 Ogasiti 1992 ku Windhoek, SADCC idasanduka SADC, yokhala ndi pangano lomanga mayiko mwalamulo. Likulu lake lili ku Gaborone, ndipo lero mamembala ndi 16, kuphatikizapo Comoros, zilumba zimene anthu ake ambiri ndi Asilamu. Atsogoleri amasinthana upampando chaka ndi chaka. Malawi adautenga mu 2001 pamsonkhano wa ku Blantyre pansi pa Dr Bakili Muluzi, kenaka mu 2013 ndi mu 2021 ku Lilongwe. Mu 2008 bungweli lidatsegula dera la malonda opanda msonkho wa pachipata pa katundu wambiri wopangidwa m'chigawochi.

COMESA nayo ili ndi fungo la kwathu. Idaphuka kuchokera ku PTA ya mu 1981, pangano lake lidasainidwa ku Kampala mu 1993 ndipo lidakhazikitsidwa ku Lilongwe mu Disembala 1994, mlembi wamkulu ali Dr Bingu wa Mutharika. Bungwe limeneli, lomwe likulu lake lili ku Lusaka, lidaganizirako wamalonda wamng'ono. Lili ndi dongosolo lakuti munthu wonyamula katundu wosapitirira madola 2,000, wopezeka pamndandanda umene mayiko awiri adagwirizana, adutse ndi chikalata chosavuta kulemba. Amayi ambiri odutsa pa Mchinji kupita ku Chipata apindula nalo.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife a kunyanja. Mozambique ndi Tanzania, mayiko awiri amene tagundana nawo panyanja, adatuluka mu COMESA. Choncho chifundo cha COMESA chimathera kumalire a kumadzulo. Pa Chiponde ndi pa Nayuchi timadalira malamulo a SADC ndi mapangano a pakati pa Malawi ndi Mozambique, ndipo ambiri mwa malamulowo adalembedwa poganizira kampani yokhala ndi magalimoto akuluakulu ndi kalaliki wodziwa kulemba zikalata zotsimikiza kumene katundu wapangidwa. Mayi wogulitsa usipa wouma kapena zitenje alibe kalaliki. N'chifukwa chake ambiri amazemba chipata n'kudzera njira za m'tchire, kumene amakumana ndi olanda ndi ofuna ziphuphu. Chipembedzo chathu chimalemekeza wamalonda wachilungamo ndipo chimadana ndi chiphuphu, kwa wopereka ndi wolandira yemwe. Dongosolo limene likukankhira mayi woopa Allah ku njira yokhota liyenera kutidetsa nkhawa m'mizikiti mwathu, osati m'maofesi a zamalonda mokha.

Pa ndale ndi chitetezo, SADC yaonetsa mphamvu ndi kufooka komwe. Zigawenga zitayamba kupha anthu ku Cabo Delgado mu 2017, zikubisala kumbuyo kwa dzina la Chisilamu pamene ambiri mwa ophedwa ndi othamangitsidwa adali Asilamu, bungweli lidatumizako asilikali mu 2021, ndipo ntchitoyo idatsekedwa mu 2024. Koma bwalo lake la milandu, limene nzika wamba ikadatha kukasumirako boma, lidaimitsidwa mu 2010 litagamula motsutsana ndi Zimbabwe pa nkhani ya minda. Mkangano wa malire a panyanja pakati pa Malawi ndi Tanzania udaperekedwa kwa atsogoleri opuma, motsogozedwa ndi Joaquim Chissano, ndipo sudathe.

Chimene chimatikhudza kwambiri, komabe, ndi kuyenda kwa anthu. N'zosowa kupeza mudzi ku Mangochi kapena Machinga umene ulibe mwana ku Joni, ndipo nyumba zambiri zamalata, ngakhale mizikiti ina, zidamangidwa ndi ma rand. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo chilolezo cha ntchito n'chovuta kuchipeza. Masikuwo akatha, mnyamata amakhala mobisala, sangadandaule akaberedwa malipiro, ndipo zipolowe zodana ndi alendo monga za mu 2008 ndi 2015 zikabuka amabwerera pa basi ali chimanjamanja. Akamwalira kumeneko, banja limasankha pakati pa kumuika msanga kuchilendo monga mwa Sunna, kapena kusonkherana ndalama n'kudikira zikalata kwa masiku ambiri. SADC idalemba pangano lofewetsa kayendedwe ka anthu mu 2005, koma mayiko olivomereza sadakwane chiwerengero chofunika kuti liyambe kugwira ntchito. Malasha ochokera ku Moatize amadutsa pa Liwonde ndi Nayuchi usana ndi usiku kupita ku Nacala, pamene ana athu akuwerengabe masiku otsala pa chidindo cha m'pasipoti.