Udindo wa Mkulu Woyang'anira Nyumba ya Okalamba ku England

Ena mwa awerengi athu ali ndi abale amene anapita ku England kukagwira ntchito m'nyumba zosungiramo okalamba, makamaka kuyambira mu 2022 pamene Boma la Britain linalola ntchitoyi kwa alendo, kufikira mu 2025 pamene linaleka kulemba anthu kuchokera kunja. Za malipiro awo timamva kawirikawiri, koma za mkulu amene amawayang'anira sitimva konse. Tsono nkoyenera kuti tiuganizire udindo wake, pakuti moyo wa anthu ofooka uli m'manja mwake.

M'chaka cha 1948 lamulo lotchedwa National Assistance Act linalamula makhonsolo kupezera malo okalamba osowa owasamala. Koma zinthu sizinasinthe msanga. Mu 1962 Peter Townsend anaonetsa m'buku lake, The Last Refuge, kuti okalamba ambiri anali kugonabe m'nyumba zakale za amphawi, ambirimbiri m'chipinda chimodzi.

Masiku ano nyumba zotere zimayenderedwa ndi bungwe la Care Quality Commission, limene linayamba ntchito mu 2009. Mkulu wa nyumba amalembetsa dzina lake lenileni ku bungweli, kotero kuti zinthu zikalakwika sangabisale kumbuyo kwa eni nyumbayo. Ayenera kudziwitsa bungweli munthu akamwalira, akavulala kwambiri, kapena pakamveka mbiri ya nkhanza. Ayeneranso kuona kuti mankhwala alembedwa bwino ndi kuperekedwa pa nthawi yake, kuti wodwala wosatha kudzuka atembenuzidwa kuopa zilonda, ndiponso kuti m'nyumba ya odwala kwambiri muli namwino usana ndi usiku.

Vuto lake lalikulu ndi ndalama. Munthu amene chuma chake chipitirira £23,250 amadzilipirira yekha. Wosauka amathandizidwa ndi khonsolo, imene nthawi zambiri imalipira mtengo wotsikirapo. Eni nyumba amafuna kuti mabedi onse akhale ndi anthu, ndipo antchito akhale ochepa. Kumene zimenezi zingafike tinakuona mu 2011, pamene kampani ya Southern Cross, yokhala ndi nyumba pafupifupi 750, inalephera kulipira lendi, nyumba zake nkuperekedwa kwa ena.

Chiyeso choposa zonse chinadza mu 2020. Matenda a Covid-19 atabuka, zipatala zinatumiza odwala ku nyumba za okalamba asanapimidwe, pofuna kupeza malo a odwala ena. Okalamba zikwizikwi anamwalira m'nyumbazo chaka chimenecho. Mu 2022 Khothi Lalikulu ku London linagamula kuti malangizo a Boma pa nkhaniyi anali osemphana ndi lamulo. Mkulu amene anakana kulandira wodwala wosapimidwa anaoneka wamwano pa nthawiyo, chonsecho ndiye anasunga anthu ake.

Kwathu kuno agogo amasamalidwa pakhomo ndi ana ndi zidzukulu, ndipo mwambo umenewu tiusunge. Komabe phunziro la nkhaniyi likhudza mphunzitsi wamkulu aliyense ndi yense wogwira ntchito ya Boma. Woyang'anira anthu osatha kudzilankhulira ayenera kusunga mabuku ake moona, kuyendera anthuwo ndi maso ake, ndi kulimba mtima kunena kuti "iyayi" ngakhale kwa omulemba ntchito.