Sitika ya "i7" isakupusitseni: funsani za soketi musanagule kompyuta ya kaunjika

Pa 14 Okotobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba zaulere zotetezera Windows 10. Nkhaniyi imamveka ngati ya azungu okhaokha, koma fumbi lake likufika mpaka kwathu kuno ku Magomero. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita m'tsogolo, kapena ya AMD ya msinkhu ngati womwewo. Makompyuta amene sakukwanira pamenepa maofesi akunja akuwachotsa, ndipo tonse tikudziwa kumene katundu wotere amakathera: m'mashopu a ku Limbe ndi ku Zomba, atapukutidwa bwinobwino, sitika ya "Core i7" ikung'anima patsogolo.

Ogula ndi anzathu omwewa. Mnyamata wa kashopu kotayipa ndi fotokope pa Namadzi, wobena nyimbo ndi mafilimu m'mamemori khadi, wojambula mavidiyo a zinkhoswe, wophunzira pa koleji ya zachitukuko ya Magomero amene watopa kulemba ntchito ya kusukulu pa foni. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kompyuta yatsopano inasanduka maloto kwa ambiri a ife. Ndiye ndalama zosonkhanitsa miyezi yambiri zisamathere pa sitika ayi.

"i7" ndi dzina la banja chabe, silikuuzani zaka. Zaka zili pa nambala yotsatira. Core i7-2600 ndi ya m'badwo wachiwiri, inatuluka mu 2011. Core i3-12100 ndi ya m'badwo wa 12, ya mu 2022, ndipo ngakhale ili "i3" imaisiya kutali i7 yokalambayo. Zonse zili ndi mitima inayi yogwirira ntchito, koma yakaleyo ili ndi cache ya 8MB pamene yatsopanoyo ili ndi 12MB, kuphatikiza kuti kapangidwe kake konse kanasintha.

Cache ndi chiyani, eti? Taganizani mayi akuphika nsima. Ufa womwe uli m'chipande m'manja mwawo amangothira, osasuntha phazi. Ukatha amatapa m'lichero lomwe lili pambali pa mafuwa. Lichero likatha alowe m'nyumba kukatapa m'thumba. Thumba likatha, basi, nkhani ya kunkhokwe, kutong'ola, kukonola, ulendo wa kuchigayo, uku mphika ukudikira pamoto. Purosesa nayo imatero. Cache ya L1 ndi chipande chija, kakang'ono koma kali m'manja. L2 ndi lichero, L3 ndi thumba lomwe mitima yonse imatapamo. RAM ili kutali, hadi disiki ndiye kuchigayo kwenikweni. Purosesa imathamanga kwambiri moti nthawi yochuluka imataya podikira zinthu zochokera ku RAM, choncho thumba likakula, maulendo amachepa. N'chifukwa chake makompyuta awiri a magigahezi ofanana amatha kusiyana liwiro ngati kabaza ndi minibasi.

Funso loti thumbalo liikidwe pati linasinthapo maonekedwe a kompyuta. Mu 1997 Intel inatulutsa Pentium II, koma nthawi imeneyo kuika cache yaikulu m'kati mwa purosesa momwemo kunali kodula zedi. Ndiye anatenga purosesa ndi timatchipisi ta cache ya 512KB n'kuziika pa kabodi kamodzi, n'kukutira m'chikasa chakuda chooneka ngati kaseti ya gemu. Chikasacho ankachilowetsa choimirira mu mpata wautali wotchedwa Slot 1. Cache yake inkathamanga theka la liwiro la purosesa. AMD nayo inachita chimodzimodzi mu 1999 ndi Athlon pa Slot A.

Pakati pomwepo panachitika zoseketsa. Mu 1998 Intel inafuna purosesa yotchipa, ikatulutsa Celeron yopanda L2 n'komwe. Anthu anainyoza chifukwa inkakwawa. Chaka chomwecho anabweretsa Celeron 300A yokhala ndi 128KB yokha, koma ili m'kati mwa purosesa ndipo ikuthamanga pa liwiro lonse. Kamwana kotchipako kanayamba kupikisana ndi akuluakulu ake odula. Cache itangolowa m'kati, chikasa chija chinatha ntchito. Intel inabwerera ku soketi ndi Socket 370, AMD inatsatira ndi Socket A mu 2000, ndipo slot inafera pomwepo.

Soketi ndi kampando ka makona anayi pa motherboard pomwe purosesa imakhala, ndipo ndi chinthu chimene foni yanu ilibe. Mu foni, ngakhalenso m'malaputopu ambiri a masiku ano, purosesa anaiwotcherera ku bodi. Ikakalamba, chipangizo chonse chakalamba. Pa kompyuta ya patebulo mumakweza kachitsulo, kuchotsa yakale, kuika ina. Kwa munthu wa ndalama za pang'onopang'ono, apa ndiye pali phindu lonse la kompyuta ya patebulo.

Koma si soketi iliyonse imene ili ndi tsogolo. Intel imakonda kusintha mpando pafupipafupi. LGA1155 inali ya m'badwo wachiwiri ndi wachitatu, LGA1150 ya wachinayi ndi wachisanu. LGA1700 ya mu 2021 inapirirako, inanyamula mibadwo ya 12, 13 ndi 14, kenako mu Okotobala 2024 kunabwera LGA1851. Msampha woopsa uli pa LGA1151. Dzina limodzi, mano 1151 omwewo, koma bodi ya m'badwo wa 6 ndi 7 siyendetsa purosesa ya m'badwo wa 8. Ilowa bwinobwino pampando, mukayatsa, zii. Ndipo malire a Windows 11 adutsa pomwepo ndendende. Wogulitsa akakuuzani kuti "tengani i5-6500 iyi, mudzangosintha purosesa m'tsogolo", dziwani kuti m'tsogolomo muthera pa m'badwo wa 7 basi.

AMD inayenda njira ina, ndipo pa ichi ine ndimaivulira chipewa. Soketi ya AM4 inatuluka mu 2016 n'kunyamula ma Ryzen kuyambira oyambirira a mu 2017 mpaka a 5000. Mu Epulo 2022 inalandira Ryzen 7 5800X3D, imene anaisanjikiza cache ina pamwamba ngati nyumba yosanja, L3 n'kufika 96MB. Osewera magemu anaikonda kwambiri chifukwa inkakhala pa bodi yomwe anali nayo kale, bola akonze kaye BIOS. Chenjezo lilipo ndithu: makompyuta opangidwira maofesi, a Dell, HP ndi Lenovo amene adzaza m'mashopu athu, BIOS yawo nthawi zambiri imangolola mapurosesa a nthawi yawo yokha. Ufulu wosintha umapezeka kwambiri pa kompyuta yolumikiza mmisiri, ya bodi yogulidwa payokha.

Nanga zimene zikubwerazi? Intel inalengeza banja la Nova Lake, AMD ikukonza Zen 6, ndipo mpikisano waukulu uli pa cache yomweyi. Mu Ryzen 7 9800X3D ya Novembala 2024 AMD inatembenuza nyumba yosanja ija, cache n'kukhala pansi, mitima pamwamba pafupi ndi fani kuti izizizira bwino. Inalonjezanso kuti soketi ya AM5, ya mu 2022, ikhalapo mpaka 2027 kapena kupitirira. Kunena zoona, palibe wa pa Namadzi amene akugula zimenezi chaka chino. Koma zatsopano zikatuluka, olemera amatsitsa zakale, ndipo zimene akugula lero ndi zomwe zidzatipeze pa kaunjika zaka zisanu zikubwerazi. Ndi chifukwa chake ine nkhani zoterezi ndimazitsata ngati mlimi wotsata mitambo.

Mukalowa mu shopu, uzani wogulitsa ayatse kompyutayo. Pitani pa Settings, System, kenako About, muwerenge nambala yonse ya purosesa ndi maso anu. Ilembeni pa Google pa foni yanu pomwepo, muona chaka, soketi ndi kukula kwa cache, data yake yosakwana ya kavidiyo kamodzi ka TikTok. Wogulitsa wokana kuyatsa, m'siyeni ndi katundu wake. Zikanakhala ndalama zanga, pakati pa i7-2600 yonyezimira ndi i5-8500 ya mu 2018 yokandikakandika, ya mitima sikisi ndi cache ya 9MB, ndinyamula yokandikayo, ndalama yotsala ndigulire SSD ndi kachipangizo koteteza magetsi akabwera ndi mphamvu.